Mwafukula khobidi lakale m'munda? Musathamangire mandimu

Pokumba mbatata kuno ku Dedza, khasu limatha kufukula khobidi: mwina peni yabowoka pakati ya nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, mwina tambala ya 1971, mwinanso senti ya ku America yomwe mlendo anagwetsa. Ena amatuluka atangoda basi. Koma ena amatuluka atatuwa mbuu, ali ndi timatuza ndi timaenje ngati alumidwa ndi chiswe. Oterewa kawirikawiri amakhala a zinki, ndipo ndi amene anthu amawamaliza okha powatsuka.

Zinki mumaidziwa kale. Ndi ija amakutira malata kuti asachite dzimbiri msanga, ndiponso chigoba cha mabatire wamba a tochi aja amatulutsa ufa woyera akakhalitsa. Ikakhala pamtunda pouma, mpweya umaipangira kakhungu kotuwa komwe kamaiteteza. Pansi ndiye sizitheka. Dothi limasunga chinyezi miyezi yonse ya dzinja, katondo wathu nthawi zambiri amakhala ndi asidi, ndiye onjezanipo mchere wa feteleza amene timathira chaka ndi chaka. Kakhungu kaja kamasungunuka kasanakhwime, zinki n'kumadyeka.

Senti ya ku America ndiye imavutika kwambiri. Kuyambira 1982 mkati mwake ndi zinki, mkuwa anangokutira pamwamba, magawo 2.5 okha pa 100 alionse. Mkuwawo ukakalika pang'ono, madzi n'kulowa, zitsulo ziwirizo zimasanduka ngati kabatire, ndipo yodyeka ndi zinki. N'chifukwa chake kunja imaoneka yabwinobwino koma mkati idafumbwa.

Ndiye mukalitola, yambani ndi kulidziwa. Tengani maginito a sipika ya wailesi yakufa. Likamata, mkati mwake ndi chitsulo, monga matambala ena a zaka zapambuyo pake. Likapanda kumata, onani zomwe zamerapo: zobiriwira ndi mkuwa, zoyera ngati ufa ndi zinki.

Kenako liviikeni m'madzi oyera kwa tsiku limodzi kuti dothi lifewe ndi mchere utuluke, muziwasintha kangapo. Madzi aja amathira m'batire ya galimoto ndi abwino koposa, koma samalani, mugule madzi enieni, osati asidi. Akasowa, amvula otungira m'beseni loyera nawonso athandiza.

Tsukani ndi mswachi wakale wofewa, pang'onopang'ono. Dothi lokakamira lichotseni ndi kamtengo ka machesi, osati singano kapena lezala.

Apa ndiye ndikuchondelereni. Mandimu, viniga, zakumwa zoziziritsa kukhosi, zonsezi ndi asidi, ndipo zinki imasungunuka m'menemo msanga kuposa mkuwa. Phulusa, mchenga ndi sitiliwulu zomwe timakwechera mapoto zimafufuta chaka ndi nkhope, zinthu zomwe zimapatsa khobidi phindu. Timaenje tikapangika sititsekekanso. Cholinga chanu n'choti kudyekako kuime, osati khobidi linyezimire.

Likayera, lipukuteni ndi kansalu, muliyanike padzuwa tsiku lathunthu, mbali zonse. Ndi chifunga cha mu Juni kuno, ndi bwino kuliyanika masiku awiri, chifukwa chinyezi chimabisala m'timaenje tija. Likauma gwa, pakani Vaseline pang'ono kwambiri, ochepa moti chala chisanyowe, mulikulunge palokha m'pepala louma. Musalisakanize ndi makobidi a mkuwa m'chitini chimodzi, ndipo chitinicho chisakhale pansi pa nyumba yozira, pomwe pamazizira ndi kunyowa.

Mukapeza ambiri pamodzi, mu mbiya kapena pafupi ndi mapanga a zojambula zakale a ku Chongoni, omwe UNESCO, nthambi ya bungwe la United Nations, inawaika m'kaundula wake wa malo ofunika kutetezedwa padziko lonse mu 2006, lekani kukumba. Dziwitsani amfumu ndi a nthambi ya boma yoona za zinthu zakale, adzaone zili pamalo pomwe munazipeza.