Mukayambana ndi anzanu ogulitsa kwale kapena ziliza, chitani izi

Kuno ku Mangochi malo ogona alendo akumangidwabe kuyambira pa boma mpaka ku Monkey Bay, ndiye msika wa kwale ndi miyala ulipo, koma mikangano nayonso siyikusowa. Wina akuti phiri ndi langa, wina akuti mwandibera dzina la bizinesi, wina anatengetsa matipa awiri pa ngongole ndipo pano akukana.

Choyamba musatumize anyamata kukatseka njira kapena kulanda nyundo ndi mawilibala a anzanuwo, mukatero nkhani ya bizinesi isanduka ya polisi ndipo wogona m'selo akhala inuyo. Yambani mwasonkhanitsa umboni. Malisiti, mameseji a Airtel Money kapena Mpamba, zokambirana za pa WhatsApp, zithunzi za mulu wa kwale zoonetsa tsiku, ngakhale kope lakuda lija lomwe mumalembamo matipa otuluka, musalitaye, ku khoti limalankhula kuposa pakamwa.

Kenako onetsetsani kuti mwayambanirana chani kwenikweni. Ngati ndi malo a makolo, yambirani kwa mfumu, gulupu mpaka kwa T/A wanu, kaya ndi a Mponda kaya a Nankumba, poti malamulo a malo a 2016 anaika nkhani zotere kumeneko. Koma dziwani kuti chilolezo cha amfumu si chiphaso chokumbira miyala ayi, miyala ili m'manja mwa boma, ndipo wopanda chiphaso akathamangira ku khoti amangodziulula yekha. Apa mpomwe ambiri amagwa.

Ngati ndi dzina kapena chikwangwani chofanana, setifiketi yolembetsera bizinesi ya kwa Registrar General ndiyo ikuthandizeni, makamaka ngati munalembetsa ndinu poyamba. Akamanamiza makasitomala kuti ziliza zawo ndi zanu, kadandauleni ku CFTC, bungwe la boma loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda.

Za ngongole pitani kwa majisitireti pa boma pompa ngati ndalama zake si zambiri, ndipo musachedwe, pakatha zaka 6 lamulo silikulolaninso kusuma. Chiletso choimitsa anzanu kuphwanya miyala chimachokera ku High Court, yapafupi ili ku Zomba, ndiye werengerani transipoti ndi loya musanayambe.

Ine ndimalimbikitsa kuti mulembe kaye kalata yowapatsa masiku oti akonze zinthu, musunge kope yake, ndipo mukagwirizana mulembe pa pepala, nonse musaine pamaso pa mboni ziwiri.