Bowa wa miyendo italiitali

Bowa wanga wa oyisitara ankatuluka ndithu m'majumbo, koma ali ndi miyendo italiitali ndi timitu ting'onoting'ono. Ukakazinga, miyendoyo inkangokhala ngati mphira m'kamwa.

Vuto linali mpweya. Bowa amapuma, ndipo mpweya woipa umene amatulutsa ukadzadza m'kanyumba kotsekeka, amangotalika osatambasula mutu. Ndinaboola timazenera tiwiri moyang'anizana, kena m'munsi kena m'mwamba, n'kutchinga ndi neti kuti tintchentche tisalowe. Popeza mphepo imaumitsa msanga, ndimanyowetsa mchenga wapansi ndi makoma m'mawa ndi madzulo. Kuwala pang'ono kumafunikanso, koma dzuwa lisamuombe.

Wotuluka pambuyo pake anali wa mitu yotambalala, yofewa. Ndimamuthyola pamene m'mphepete mwa mituyo simunayambe kupindikira m'mwamba, chifukwa akapitirira pamenepo amalimba.