Kusakaniza mphira ndi phulusa la mankhusu a mpunga ndi mafuta a soya

Mankhusu amene amaunjikana pa zigayo za mpunga ku Nkhotakota ali ndi silika (chinthu chopezekanso mu mchenga) wambiri, ndipo phulusa lake limalimbitsa mphira wachilengedwe, wonga wa ku Vizara ku Nkhata Bay.

Otchani mankhusuwo pa 600 mpaka 700°C kufikira phulusa litayera. Mukapyola 800°C silikayo amasanduka timiyala tosagwirana ndi mphira, fumbi lake n'loopsanso m'mapapo. Perani phulusalo, sefani, muliumitse pa 105°C, chifukwa chinyezi chimasiya timabowo m'kati mwa mphira.

Pa makilogalamu 10 a mphira, pimani phulusa makilogalamu 2, kenaka, zonse m'magalamu: zinc oxide 500 ndi stearic acid 200 (mankhwala othandiza sulufule kugwira ntchito), mafuta a soya 500, CBS (mankhwala ofulumizitsa kupsa kwa mphira) 80 ndi sulufule (amene amalimbitsa mphira pouphika) 250.

Fewetsani mphira pa makina a zogudubuza ziwiri, thirani zinc oxide ndi stearic acid, kenaka phulusa pang'onopang'ono mosinthana ndi mafuta. Mafutawo amathandiza phulusa kumwazikana. Koma musawachulutse: amalanda gawo la sulufule, mphira n'kutuluka wofewa, wonyezimira mafuta pamwamba. CBS ndi sulufule zilowe pomaliza, zogudubuza zisanatenthe kwambiri, apo ayi mphira upsa usanalowe m'chikombole. Uphikeni m'chikombolemo pa 150°C.