Momwe mungayezere power supply ya kompyuta musanagule ina

Kompyuta ya pa desiki ikangoti zii osayaka, ambiri kuno ku Blantyre amathamangira kunena kuti motherboard, bolodi lalikulu limene zipangizo zonse za mkati zimalumikizidwapo, yapsa. Amisiri ena amawakondanso mawu amenewa chifukwa ndi pamene pali ndalama. Koma pa makina amene ndakhala ndikutsegula, a m'maofesi, a m'masukulu ndi a m'mashopu ochita fotokope, kawirikawiri vuto limakhala pa power supply, kabokosi kachitsulo kali kumbuyo komwe kumalowa chingwe cha magetsi. Ntchito yake ndi kulandira magetsi a 230V a pakhoma n'kuwasandutsa 12V, 5V ndi 3.3V zimene zipangizo za mkati zimafuna. Ndiye magetsi akabwera mwamphamvu pambuyo pozima, kapena ziphaliwali zikavuta m'dzinja, choyamba kukumana nazo ndi kabokosi kameneka.

Zizindikiro zake n'zodziwika: kompyuta yosayaka n'komwe, yoyaka fani n'kuzungulira pang'ono kenako n'kuima, yozima yokha mukaipatsa ntchito yolemera, kapena yotulutsa fungo la pulasitiki wopsa. Ngati mwamva fungo kapena mwaona utsi, musavutike n'kuyeza. Zulani chingwe, power supply imeneyo yatha.

Mufunika multimeter (kachipangizo koyezera magetsi), kawaya kopanira mapepala, tepi yamagetsi, hard disk yakale yopanda ntchito, ndi babu ya galimoto. Multimeter ya ku Limbe yotchipa ija, yachikasu, imakwanira pa ntchito iyi. Chenjezo n'lakuti batire yake ikafooka imayamba kuonetsa manambala abodza, choncho musanayambe ikani batire ya 9V yatsopano. Mitengo sinditchula chifukwa ikusintha ndi dola mwezi ndi mwezi, koma multimeter ndi yotchipa kuyerekeza ndi power supply yabwino, ndipo mudzaigwiritsabe ntchito pa zinthu zina m'nyumba.

Yambirani pakhoma

Musanagwire sikuludiraiva, onani soketi. Lumikizanipo tchaja ya foni kapena ayironi. Ngati kompyuta ili pa ekisitenshoni, ichotseni ipite pakhoma mwachindunji, chifukwa maekisitenshoni otchipawa mkati mwake muli tiwaya toonda kwambiri ndipo amalekeza m'malo olumikizira. Mapulagi athu a mano atatu ali ndi fyuzi mkati, ndipo fyuziyo ikapsa kompyuta imaoneka ngati yafa pamene ilibe vuto. Chidule chake ndi kutenga chingwe cha monita, popeza nthawi zambiri n'chofanana, n'kuyesera chimenecho.

Kenako yang'anani kumbuyo kwa power supply. Pali swichi ya 0 ndi I, ndipo pa makina akale pali kaswichi kena kofiira kolembedwa 115 ndi 230. Kwathu kuno kayenera kuonetsa 230. Makompyuta a kaunjika ochokera ku America nthawi zina amafika kali pa 115, ndipo mukangolumikiza mumva phu! basi zathera pomwepo. Ana amakondanso kukaseweretsa. Ma power supply atsopano ambiri alibe kaswichi kameneka, amalembedwa 100–240V ndipo amadzisinthira okha.

Chinthu chimodzi ndinene motsindika: musatsegule kabokosi ka power supply. Mkati muli makapasita aakulu amene amasunga magetsi opitirira 300V, ndipo amatha kukhalabe ndi mphamvu ngakhale mutazula chingwe. Zonse zimene ndikufotokoza pano zimachitikira kunja, pa mawaya otuluka.

Kuiyatsa payokha

Zimitsani, zulani chingwe, tsegulani kompyuta, chotsani mawaya onse a power supply pa motherboard, pa hard disk ndi pa graphics card ngati ilipo. Musaiwale kapulagi ka mano 4 kapena 8 kali pafupi ndi purosesa.

Tengani pulagi yaikulu ya mano 24. Pakati pa mawaya onsewo pali waya mmodzi yekha wobiriwira. Ameneyu ndi amene motherboard imagwiritsa ntchito pouza power supply kuti iyake. Pindani kawaya kanu ngati U, mbali imodzi muilowetse m'bowo la waya wobiriwira, inayo m'bowo la waya wakuda aliyense, makamaka woyandikana naye. Kulungani tepi pamene pali poyera. Ngati mawaya onse ndi akuda, monga zilili pa ma power supply amakono, gwirani pulagi mabowo akuyang'ana inu ndipo kokolowekera kali pamwamba: bowo lachinayi ndi lachisanu kuchokera kumanzere pa mzere wapamwamba ndi amene mukufuna, nambala 16 ndi 17. Werengani kawiri musanayatse.

Lumikizani hard disk yakale ija kuti pakhale kanthu kokoka magetsi, bwezerani chingwe, yatsani swichi. Fani ikazungulira, power supply yadzuka. Ikapanda kuzungulira musafulumire kuitaya, chifukwa ena okwera mtengo fani yawo siizungulira mpaka atatentha. Mvetserani hard disk ngati yayamba kulira.

Eni makina a Dell OptiPlex ndi HP, amene adzaza m'maofesi muno, samalani. Ambiri mwa amenewa alibe pulagi ya mano 24, ali ndi yawoyawo ya mano 6 kapena 8, ndipo mitundu ya mawaya siitsatira zimene ndanenazi. Osalowetsamo kawaya mongoganizira. Ubwino wake ma OptiPlex ambiri ali ndi kabatani kumbuyo kwa power supply pafupi ndi kagetsi kobiriwira. Mukakadina n'kugwira, kagetsiko kakayaka ndi fani kuzungulira, ndiye kuti yadziyeza yokha n'kupambana.

Manambala

Multimeter ikhale pa DC, pa 20V. Chingwe chofiira chikhale m'bowo lolembedwa V, osati la 10A, chifukwa mukayeza chili pa 10A mupanga shoti. Nsonga yakuda ikhudze waya wakuda, yofiira muziyendetsa pa mitundu inayo.

Wachikasu ndi 12V, ndipo ayenera kukhala pakati pa 11.4 ndi 12.6. Wofiira ndi 5V, pakati pa 4.75 ndi 5.25. Wa olenji ndi 3.3V, pakati pa 3.14 ndi 3.47. Wabuluu ndi -12V, ameneyu amaloledwa kuchokera pa -10.8 mpaka -13.2, ndipo makompyuta a masiku ano samugwiritsa ntchito kwenikweni. Wapepo ndi 5V ya nthawi zonse: amakhala ndi magetsi ngakhale kompyuta ili yozima bola chingwe chili pakhoma, ndiye mungamuyeze musanalowetse n'komwe kawaya kaja. Akasowa ameneyu batani la kutsogolo silingachite kanthu. Pomaliza pali waya wotuwa, amene amauza motherboard kuti magetsi akhazikika, ingayambe ntchito. Ayenera kuonetsa pafupifupi 5V power supply ikangoyaka. Akakhala pa 0 mafani onse azungulira bwinobwino koma pa sikirini sipabwera chilichonse.

Pamene fani imanamiza anthu

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitse, chifukwa zonse zapamwambazi zikhoza kutuluka bwino power supply ili yodwala.

Ndinagulapo power supply ya kaunjika ku Limbe, yoti ndikaike mu kompyuta ya mlamu wanga amene amajambula zithunzi za ziphaso ku Ndirande. Wogulitsa anatenga kawaya, n'kulowetsa pa wobiriwira ndi wakuda ine ndikuona, fani n'kuzungulira. "Mwaona bwana, ndi yamoyo iyi." Kunyumba ndinaiyeza ndi multimeter, wachikasu anaonetsa 12.1, wofiira 5.1, zonse m'malo mwake. Titaiika, kompyuta inayaka, Windows n'kutseguka. Koma alamu akangotsegula Photoshop n'kuyamba kukonza zithunzi zingapo nthawi imodzi, sikirini imangoti bii, makina n'kuyambiranso okha, kasitomala ataimirira pakhomo kudikira chithunzi chake. Tinachotsa RAM n'kuipukuta, tinasintha mafuta a pa purosesa, tinafika poikanso Windows. Vuto osasuntha.

Chinaulula zonse ndi kuyeza kompyuta ili mkati mogwira ntchito. Ndinalowetsa nsonga za multimeter kumbuyo kwa pulagi ya Molex, ya mabowo anayi yopita ku ma hard disk akale, yomwe inali yosalumikiza, pa wachikasu ndi wakuda, n'kuwauza alamu kuti atsegule zithunzi zija. Nambala inayamba kutsika maso anga akuona: 11.9, 11.5, 11.1, itafika cha pa 10.8 kompyuta n'kuzima. Zili ngati minibasi imene imalira bwino pa siteji ilibe anthu, koma ikadzaza imalephera chitunda.

Ndiye lamulo langa ndi ili: power supply iyezedwe itasenza katundu. Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi imene ndafotokozayi. Bwezerani mawaya onse, yatsani kompyuta, ikani nsonga pa pulagi ya Molex yopanda ntchito kapena kumbuyo kwa pulagi ya mano 24 komwe mawaya amalowera, ndipo tsegulani chinthu cholemera, kaya gemu, kaya kusintha vidiyo. Dzanja likhale lokhazikika, nsonga ziwirizo zisakhudzane. Kutsika pang'ono, monga kuchoka pa 12.1 kufika 11.9, si vuto. Koma ikadutsa pansi pa 11.4, kapena nambala ikamadumphadumpha osakhazikika, yankho mwalipeza. Manambala amene BIOS (pulogalamu ya mu motherboard) kapena mapulogalamu ngati HWMonitor amaonetsa ndimangowaona ngati chongondilozera, chifukwa pa ma motherboard ena amaphonya kwambiri.

Yachiwiri ndi ya babu, ndipo ndi yothandiza pamene kompyuta siikuyaka n'komwe kapena pamene muli pa shopu mukufuna kugula. Babu ya galimoto ndi ya 12V. Ya mabuleki ya 21W imakoka pafupifupi 1.75A, ya nyali yakutsogolo ya 55W imakoka pafupifupi 4.6A. Muzipeza kwa ogulitsa zitsulo za galimoto ku Ndirande kapena ku Limbe, ngakhale yakale bola ikuyaka. Mangirirani mawaya awiri pa babu, mmodzi apite pa wachikasu wina pa wakuda, yatsani power supply ndi kawaya kaja, n'kuyeza 12V babu ikuyaka. Yambani ndi ya 21W, chifukwa babu yozizira imakoka magetsi ambiri pa kamphindi koyamba, moti ya 55W ikhoza kuzimitsa ngakhale power supply yabwino imene ikungodziteteza. Hard disk ija ikhalebe yolumikiza kuti 5V nayonso ikhale ndi katundu, poti ma power supply otchipa amayendetsa 12V ndi 5V pamodzi ndipo mukalemetsa mbali imodzi yokha manambala amapendekeka. Babu imatentha msanga, iikeni pa simenti, osati pa tebulo la pulasitiki.

Wogulitsa akakana kuti muyeze ndi babu, siyani katundu wakeyo.

Pali vuto lina limene multimeter siingaone. Makapasita akakalamba magetsi amatuluka ndi timafunde tating'ono, ndipo muyezo wa ATX, umene ma power supply amenewa amatsatira, umalola 120mV yokha pa 12V ndi 50mV pa 5V ndi 3.3V. Zimenezi zimaoneka pa oscilloscope, imene ambirife tilibe. Choncho ngati manambala ali bwino koma kompyuta ikuzimabe, bwerekani power supply ya mnzanu imene mukudziwa kuti ili bwino, muikemo kwa tsiku lonse la ntchito. Vuto likatha, mwadziwa.

Ikapambana mayeso onse

Ndiye kuti vuto lili kwina. Batani la kutsogolo limafa kawirikawiri: pezani timano tiwiri tolembedwa PWR SW pa motherboard, mutikhudzitse ndi sikuludiraiva kamphindi. Fani ikamazungulira pang'ono n'kuima, mwina power supply ikudziteteza ku shoti ya kwina, ndiye chotsani zonse, musiye purosesa ndi RAM imodzi, kenako muzibwezera chimodzichimodzi. Onaninso mabowo a USB a kutsogolo, mano ake akapindika amachita shoti. Fumbi la mu Okutobala liuzireni kunja kudzera m'mabowo a fani, ndipo musadabwe mukatuluka mphemvu, zimakonda kufunda kwa mmenemo.

Pogula ina

Musakhulupirire nambala yaikulu ya pa bokosi. Werengani pepala lomata pambali, pamzere wa +12V, muchulukitse ma amp ndi 12. Yolembedwa 500W koma pa 12V pali 18A ndiye kuti mbali yofunikayo ili ndi 216W basi. Inyamuleni m'manja: yopepuka kwambiri mkati mwake mulibe kanthu. Chizindikiro cha 80 Plus, chosonyeza kuti siiwononga magetsi ambiri, n'chabwino koma zomata zachinyengo ziliponso, ndiye dzina lodziwika ngati Corsair, Seasonic kapena Cooler Master kuphatikiza lisiti yolembedwa miyezi ya galanti n'zimene ndimadalira. Ya Dell kapena HP pitani ndi yakufayo kuti mufanizire pulagi ndi nambala yake. Ngati mawaya ake ndi ochotseka, musasakanize ndi a power supply ina ngakhale akulowa bwino, chifukwa makampani salumikiza mofanana ndipo mungaotche hard disk.

Poiika mu kompyuta, mangani masikuluwu ake anayi, bwezerani pulagi ya mano 24 ndi ya purosesa mpaka zimveke kuti zakola. Ndalama ikatsalako gulani UPS, kabokosi ka batire kosunga kompyuta yoyaka kwa kanthawi magetsi akazima, ikapanda kukwana ikani surge protector yeniyeni kapena fridge guard imene imadikira kaye magetsi akabwera. Magetsi akazima, kapena mvula ya mabingu ikayamba, zulani pulagi pakhoma.