Kaponyedwe ka fly powedza trout ku Nyika

Mwafunsa mmene mungaponyere fly, nyambo yopangidwa ndi nthenga ndi ulusi pa mbedza, m'madamu a ku Chelinda pa phiri la Nyika, komwe kuli nsomba za rainbow trout. Musanayambe, funsani za chilolezo kwa oyang'anira paki ya Nyika.

Tengani ndodo ya mafiti 9, ya weight 5 kapena 6 (weight ndi nambala yosonyeza kulemera kwa chingwe choyenera ndodoyo), ndi chingwe cha nambala yomweyo. Kunsonga kwa chingwe mangani leader, ulusi woonekera mkati wa mafiti 9, kenako fly. Nyamboyi ndi yopepuka kwambiri, choncho chimene chimaipititsa patali ndi kulemera kwa chingwe.

Tulutsani chingwe pafupifupi mamita 8 pamadzi. Kwezani ndodo mofulumira n'kuyiimitsa itangopitirira mutu pang'ono. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: dikirani kamphindi kuti chingwe chiwongoke kumbuyo. Mukapupuluma chimalira ngati chikwapu, fly n'kuduka. Chikawongoka, kankhirani ndodo kutsogolo, muyiimitse nsonga ili m'mwamba, ndiyeno muyitsitse pang'onopang'ono chingwe chikugwa. Dzanja lisapindike pamfundo, mphamvu ichokere pachigongono. Magalasi valani ndithu, mbedza imauluka pafupi ndi maso.

Fly ikagwera pamadzi, kokani chingwe pang'onopang'ono ndi dzanja linalo. Nsomba ikadya, kwezani ndodo osagwedeza mwamphamvu. Yofuna kuibwezera m'madzi muigwire ndi manja onyowa.

Kunyanja ya mchere, monga ku Bazaruto ku Mozambique, mufunika weight 8 kapena kuposa, ndipo mukamaliza tsukani zida zonse ndi madzi opanda mchere kuti zisachite dzimbiri.