Madzi otayidwa ku fakitale ndi ntchito yopanga mapepala pamanja: oti mutenge ndi oti muwasiye

Aliyense amene anaumbapo pepala pamanja akudziwa kuti ntchito imeneyi imamwa madzi kwambiri. Kuviika luzi ndi madzi, kuphika ndi madzi, kutsuka ndi madzi, ndipo m'bafa louumbira mapepala luzi ndi kachigawo kakang'ono chabe, china chonsecho ndi madzi. Ikafika October, mipope ikamauma masiku awiri kapena atatu, mzere pa mjigo utatalika, magulu ambiri amangopachika masefa n'kudikira mvula. Ndiye funso limene ndimalandira kawirikawiri kuchokera kwa amene ali pafupi ndi mafakitale ndi lakuti: madzi amene akungotayika pa paipi ya kuseri kwa mpanda aja, sitingawatunge n'kupangira mapepala?

Yankho langa ndi lakuti ena mungatunge, ena musawayandikire n'komwe, ndipo maso okha sangakuuzeni kuti awa ndi ati. Madzi oyera mbee akhoza kukhala ndi chiphe chosungunuka, pomwe madzi a mbuu otuluka m'bafa lanu lomwe ndi abwino kwambiri pa ntchito. Choyamba ndi kudziwa chimene madziwo anakhudza asanafike kwa inu.

Nkhaniyi si ya kwathu kuno kokha. Ku Sanganer, pafupi ndi mzinda wa Jaipur m'dziko la India, kuli mabanja a Kagzi amene akhala akupanga mapepala pamanja kwa zaka mazana angapo, makamaka kuchokera ku tizidutswa ta nsalu za thonje totsala kwa osoka zovala. Dera limenelo ndi louma, ndipo m'tauni yomweyo muli malo ambiri onyika ndi kudinda nsalu, amene madzi awo a utoto akhala akudetsa mtsinje wa Dravyavati. Kumeneko n'kumenenso kuli Kumarappa National Handmade Paper Institute, bungwe lofufuza za ntchito ya mapepala a pamanja. Kuno kwathu luso limeneli ambiri analidziwira ku PAMET, bungwe lophunzitsa kupanga mapepala ku Blantyre, kumene mapepala akale, luzi la nthochi ngakhale ndowe za njovu zimasanduka makadi ndi maenvulopu. Ndipo amene amadutsa pa mtsinje wa Mudi kumunsi kwa Makata safunika kuuzidwa mmene madzi a m'dera la mafakitale amanunkhira. Vuto la ku Sanganer ndi la ku Blantyre likufanana: madzi abwino ndi osowa, madzi ogwiritsidwa kale ntchito ndi ochuluka.

Musanapite kukapempha kwa eni fakitale, yambani mwasunga madzi anu omwe. Ambiri ndimawapeza akukhuthulira pabwalo madzi a m'bafa madzulo aliwonse, komanso amene amatuluka pofinya mapepala. Madzi a mbuu amenewa muli tiluzi ting'onoting'ono tothawa pa sefa, ndipo mukawabwezera m'bafa mawa lake tiluzito timatseka mipata, pepala limatuluka losalala. Ikani beseni pansi pa chofinyira, ikaninso lina pamene sefa imadontherapo. Chofunika ndi kusasakaniza mitundu: madzi a pepala lofiira akhale m'mgolo wawo, a loyera m'mgolo wawo. Mukamasintha mitundu, yambani ndi yoyera n'kumapita ku yakuda, kuti madzi omwewo ayende nanu mpaka kumapeto.

Potsuka luzi lophikidwa ndi pamene madzi ambiri amawonongeka. Imikani migolo itatu. Luzi lilowe koyamba mu mgolo wa madzi akuda kwambiri, kenaka wachiwiri, limalizire mu wachitatu wa madzi oyera. Mgolo woyamba ukada kopitirira, ndi wokhawo umene mutaye. Wachiwiri ukhale woyamba, wachitatu ukhale wachiwiri, ndipo madzi atsopano alowe kumapeto kokha. Luzi likamayera likupita kutsogolo, madzi akamada akubwerera kumbuyo. Lamulo limeneli ndi lomwe mutsate ngakhale pa madzi a ku fakitale: okayikitsa agwire ntchito zoyambirira monga kuviika makatoni ndi kutsuka koyamba, ndipo abwino kwambiri, ngati a mvula, asungidwire bafa louumbira.

Tsopano za ku fakitale. Musatunge pa ngalande pamene madzi onse asakanikirana kale, a kuchimbudzi, otsukira pansi, a mafuta a makina. Pitani pa geti, pemphani kuonana ndi amene amayang'anira za madzi kapena za labotale, ndipo funsani kuti paipi iliyonse ikuchokera pa ntchito yanji. Madzi amene ndimavomereza ndi awa. Malo oyeretsa madzi a m'mabotolo amataya gawo lalikulu la madzi amene makina awo osefera akana. Amakhala oyera, opanda fungo, kungoti mchere wa m'nthaka umachulukamo, ndipo ndi abwino poviika ndi kutsuka. Madzi otsukira komaliza mabotolo a zakumwa amakhala ndi soda pang'ono, ndipo soda ndi amene timafuna kale pofewetsa luzi, ndiye oviikira makhwatha a nthochi kapena khonje amakhala mwawapeza. Palinso madzi ochokera ku nthunzi ya boyila ndi oziziritsira makina, koma pa amenewa funsani ngati amathiramo mankhwala oletsa dzimbiri kapena opha ndere. Akati amathira, asiyeni.

Amene ndimakaniza kwamtuwagalu ndi madzi a kofufutira zikopa, a konyikira nsalu, a kopangira penti, mabatire ndi mankhwala a mbewu, ndi a kumene amakutira zitsulo. Kofufuta zikopa amagwiritsa ntchito khromiyamu, kwa mabatire kuli mtovu, ndipo utoto wina wa nsalu umakhala ndi zitsulo zosungunuka. Zimenezi sizidikha pansi, sizitsala pa mchenga, ndipo kuwiritsa sikuzichotsa. Kumbukirani kuti woumba pepala manja ake amakhala m'madzi tsiku lonse, ndipo pepalalo limakathera m'manja mwa mwana wa sukulu kapena kukulungira chakudya. Ndinaonapo gulu lina litakopeka ndi madzi obiriwira otuluka pa malo ena onyikira nsalu, poganiza kuti lapeza utoto waulere. Mapepala anatuluka okongola ndithu, koma patangotha masabata ochepa anayamba kusuluka mawangamawanga, ndipo amayi awiri khungu la m'manja linali litasweka. Ndalama ya utoto imene anapulumutsa inathera ku chipatala.

Madzi a kumalo ophera ziweto, a mkaka ndi ofululira mowa alibe chiphe cha zitsulo, koma ali ndi mafuta, shuga ndi zina zowola. Tsiku limodzi kapena awiri amayamba kununkha, ndipo pepala limachita nkhungu likamauma. Amenewanso sakuthandizani.

Mukapeza madzi amene chiyambi chake mukuchidziwa, ayeseni musanathire luzi. Dzazani botolo loonekera, ligone usiku. Mmawa onani zimene zadikha pansi, ngati pamwamba pali mafuta, ndipo nunkhizani. Kenaka yesani pH, muyeso woonetsa ngati madzi ali ndi asidi (pansi pa 7) kapena soda (pamwamba pa 7), ndi timapepala toyezera, timene timapezeka m'masitolo ogulitsa zipangizo za labotale ndi za maiwe osambira. M'bafa louumbira mufuna pH ya pakati pa 7 ndi 8.5. Madzi a asidi amadya luzi pang'onopang'ono, pepala limasanduka lachikasu n'kumathetheka ngati tsamba louma. Ngati timapepalato mulibe, madzi a chidede amapereka chithunzi: m'madzi a asidi amakhalabe ofiira, m'madzi a soda wambiri amatembenukira ku mtundu wobiriwira wakuda. Chitsulo cha ayironi chosungunuka nachonso n'choopsa pa pepala loyera, chifukwa chimabweretsa timadontho tofiirira ta dzimbiri. Thirani tiyi wamasamba wopanda mkaka mu kapu ya madziwo. Akada bii ngati inki, chitsulo chilimo chambiri. Madzi otere atsanulireni kuchokera mu ndowa ina kupita mu ina kangapo kuti alowe mpweya, kenaka agone. Chitsulocho chimasanduka dzimbiri n'kudikha.

Zoyesa zapakhomozi sizionetsa mtovu kapena khromiyamu. Ngati mukufuna kumatunga pa fakitale imodzi nthawi zonse, gulu lisonkhe ndalama, botolo limodzi lipite ku labotale monga ya Malawi Bureau of Standards, ndipo pemphani kuti ayeze zitsulo zimenezi. Fakitale yoyenda mwadongosolo imakhalanso ndi zotsatira zake, chifukwa lamulo la Water Resources Act la 2013 limafuna chilolezo kwa wotayira madzi otere ku mtsinje. Pemphani kuziona, ndipo mugwirizane polemba kuti akasintha mankhwala pa ntchito yawo akudziwitseni.

Kuyeretsa kwake sikufuna makina. Mgolo woyamba ndi wodikhitsira. Njere za chammwamba zouma, zosenda ndi kusinja, zimakoka litsiro kuti ligwirane n'kumira, ndipo zinayesedwapo pa malo oyeretsera madzi ku Thyolo m'zaka za m'ma 1990. Yambani ndi njere imodzi pa lita imodzi ya madzi a matope, takasani mwamphamvu pang'ono, kenaka pang'onopang'ono, muwasiye maola awiri. Ubwino wa chammwamba ndi wakuti sichisintha pH, koma madzi ake agwiritseni ntchito tsiku lomwelo kapena mawa lake, chifukwa ufa wa njerewo umawola. Alamu amagwiranso ntchito yomweyo, masupuni a tiyi awiri pa mgolo wa malita 200 ndi poyambira pabwino, koma iye amaonjezera asidi m'madzi, ndiye yesaninso pH mukamaliza. Mabuku ambiri a m'zaka za m'ma 1800 anathetheka chifukwa cha alamu yemweyu amene ankathiridwa popanga mapepala ake, choncho musamuchulutse.

Mgolo wachiwiri ndi sefa: miyala ing'onoing'ono pansi, makala osinja pakati, mchenga wa kumtsinje wotsuka bwino pamwamba, ndi kampopi m'munsi. Makala amachepetsa fungo ndi mtundu, koma amatopa. Madzi akayambanso kutuluka ndi mtundu, sinthani. Tengani madzi a pamwamba okha kuchokera mu mgolo woyamba, matope atsale.

Pali madzi ena, anu omwe, amene ndikufuna tikambirane mofatsa, chifukwa ndi amene amaononga dimba la mnansi. Awa ndi madzi akuda otsala mukaphika luzi. Ngati mwaphika ndi soda ash, pa mlingo wodziwika wa magalamu 200 pa kilogalamu imodzi ya luzi louma, kapena ndi caustic soda amene ndi waukali kuposa pamenepo, madziwo amawotcha khungu ndipo amapha nsomba. Asalowe m'bafa louumbira. Ntchito yawo yabwino ndi kuviikira luzi la mawa: mphamvu ya soda yotsalayo imayamba kufewetsa, ndipo pophika mudzathira soda wochepa ndi nkhuni zochepa. Mukawagwiritsa ntchito kawiri, atsitseni ukali ndi viniga pang'onopang'ono mpaka pH ifike pafupi ndi 7, kenaka alowe m'dzenje la miyala limene lili mamita osachepera 30 kuchokera pa chitsime. Musathirire mbewu, chifukwa mchere wa soda umalimbitsa nthaka mpaka madzi osalowa. Kwa amene amaphika luzi lofewa ngati la nthochi, ndimalimbikitsa chidulo, chomwe chija amayi amacheza kuchokera ku phulusa pophika thelere. Chimachedwa kupsetsa luzi, koma n'chaulere, ndipo madzi ake otsala akasungunulidwa bwino savuta nthaka ngati a soda. Chilichonse mwa izi, magolovesi a labala ndi chotchinga m'maso zisasowe.

Thelere lomwelo lili ndi ntchito ina. Ku Japan opanga mapepala a washi amathira m'bafa utomoni wa mizu ya tororo-aoi, mbewu ya mtundu umodzi ndi thelere lobala, kuti luzi lisagwirane mibulu ndipo madzi atsike pang'onopang'ono pa sefa. Thelere lathu loduladula n'kuviika m'madzi ozizira limachita chimodzimodzi. Ndikutchula izi chifukwa utomoni umenewu umachita bwino m'madzi ozizira ndi oyera. M'madzi ofunda kapena odzaza mchere umatha mphamvu msanga. Mukaona kuti lero mukuthira thelere lambiri koma luzi likugwiranabe, dziwani kuti madzi anu atopa.

Madzi sangazungulire mpaka kalekale. Nthawi iliyonse mukawabwezera, mchere ndi zowola zimaonjezekera. Zizindikiro zake ndi fungo la dzira lowola, kuterera m'mbali mwa mgolo, thovu losatha, ndi mapepala ochedwa kuuma. M'chilimwe zimenezi zimabwera m'masiku ochepa. Sungani migolo pa mthunzi, itakaseni tsiku lililonse kuti ilowe mpweya, ndipo pa mapeto a sabata madzi akale a m'bafa atsikire ku ntchito yoviika, bafa litsukidwe n'kuyanikidwa padzuwa. Pa mtolo uliwonse wa mapepala lembani tsiku ndi kumene madzi anachokera, ndipo sungani pepala limodzi m'kabuku. Lina liikeni pawindo masabata anayi, mulifanizire ndi la m'kabuku. Likasintha mtundu kapena likathyoka mukalipinda kangapo, bwererani ku paipi ija mukafunse chimene chasintha musanalandire oda ya makadi a ukwati.