Momwe mungabwerekere disk ya kompyuta ina kudzera pa netiweki mu Linux

M'maofesi ang'onoang'ono a ku Luwinga, ku Katoto ndi m'tauni muno mu Mzuzu, si zachilendo kupeza kompyuta imodzi ili ndi hard disk yaikulu yongokhala, pomwe inzake yadzaza mpaka kukana kusunga fayilo. Disk yatsopano n'njodula. Linux ili ndi njira yoti kompyuta yodzazayo ibwereke disk ya inzake kudzera pa waya wa netiweki, n'kumaiona ngati yake. Njirayi ndi NBD (Network Block Device), yomwe Pavel Machek anaiyambitsa mu 1997.

Yambirani pa kompyuta yobwerekayo, chifukwa ndi kernel yake (phata la Linux lomwe limayendetsa zipangizo za kompyuta) yomwe ikufunika NBD. Lembani:

grep BLK_DEV_NBD /boot/config-$(uname -r)

Mukaona CONFIG_BLK_DEV_NBD=m, ndiye kuti NBD ilipo ngati module, kachidutswa ka kernel kochita kudzutsidwa pakafunika. Mukaona =y, ili kale m'kati mwa kernel. Pa Ubuntu ndi Debian mupeza =m, choncho musathamangire kumanga kernel yatsopano. Ntchito imeneyo imadya maola ambiri pa kompyuta zakale zomwe ambirife tili nazo. Ingolembani sudo modprobe nbd, ndipo muona /dev/nbd0 yatulukira. Kuti izidzuka yokha mukayatsa kompyuta, ikani mawu akuti nbd mu fayilo ya /etc/modules-load.d/nbd.conf.

Pokhapokha mwaona "is not set" ndi pomwe muyenera kumanga. Koperani config yakale ya mu /boot ija kukhala .config mu foda ya source ya kernel, lembani make olddefconfig kenako make menuconfig. Lowani pa Device Drivers, kenako Block devices, mufike pa Network block device support, mudine M. Mukasunga, lembani make, make modules_install ndi make install, n'kuyatsanso kompyuta.

Tsopano pitani pa kompyuta ya disk yaikulu ija, yomwe tiziitcha seva. Ikani nbd-server pogwiritsa ntchito apt, pulogalamu yoikira mapulogalamu pa Ubuntu ndi Debian. Kapulogalamu kake n'kakang'ono, sikatha bando. Mu /etc/nbd-server/config siyani gawo la [generic], pansi pake muwonjezere [nkhokwe] ndi mzere wakuti exportname = /dev/sdb1. Onetsetsani kaye ndi lsblk kuti dzina la disk ndi lomwelo. Yambitsaninso nbd-server, ndipo mutsegule port 10809 pa firewall kwa makompyuta a mu ofesi mwanu okha.

Bwererani kwa yobwereka, muike nbd-client, mulembe:

sudo nbd-client 192.168.1.10 -N nkhokwe /dev/nbd0

M'malo mwa nambalazo ikani IP ya seva yanu. Ngati disk ilibe kanthu, lembani mkfs.ext4 /dev/nbd0 kuti muikonze kusunga mafayilo, kenako muichite mount, kutanthauza kuilumikiza ku foda kuti muziitsegula. Ngati m'diskimo muli mafayilo kale, musayerekeze kulemba mkfs, imafufuta zonse.

Apa ndipempha mumvetsetse bwino. Disk ya ext4 musaichite mount pa makompyuta awiri nthawi imodzi, ngakhale pa seva yeniyeniyo. Iliyonse imaganiza kuti ili yokha, ndiye zimalemberana pamwamba mpaka mafayilo onse kuonongeka, mwina ndi ma akaunti a chaka chonse omwe. Ngati mukufuna anthu angapo azitsegula mafayilo amodzimodzi, NBD si njira yake; gwiritsani ntchito NFS (Network File System), yomwe imafuna CONFIG_NFSD pa seva ndi port 2049.

Magetsi akathima mwadzidzidzi zomwe zinali kulembedwa zimatha kutayika, choncho seva ndi switch yolumikiza makompyuta zikhale pa UPS, batire losunga magetsi. Poweruka, lembani umount, kenako nbd-client -d /dev/nbd0, ndipo seva muizimitse pomaliza.